Chilembo cha x chikusokoneza ophunzira a Fomu 1

Mphunzitsi wa masamu, Fomu 1:
Aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru. Tangoyamba kumene aljebra, ndipo ndikalemba 3x × 2 pa bolodi, ophunzira ambiri akukopera 3xx2, moti ntchito yonse ikuwonongeka asanayambe n'komwe kuwerengera. Ena akufunsa ngati x ndi 10, popeza ku pulayimale anaphunzira kuti m'manambala a Chiroma X amaimira khumi. Kodi inu mumathana nalo bwanji vutoli?

Mphunzitsi wa Chichewa ndi Chingerezi:
Bambo, anawa sitingawadzudzule. M'kalembedwe ka Chichewa mulibe x, monganso mulibe q, choncho mwana amachipeza chilembochi m'Chingerezi, momwenso sichimveka mofanana nthawi zonse: mu "box" chimamveka ks, pamene mu "xylophone" chimamveka z. Komanso asanachizolowere n'komwe, amakhala atachiona kale m'kope mwake cholembedwa ndi inki yofiira, kusonyeza kuti walakwa.

Mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito:
Vuto lanuli ndi lakale kwambiri, ndipo linavutitsa ngakhale akatswiri. Chizindikiro chochulukitsira cha × chinatchuka ndi buku la William Oughtred la mu 1631, kenako mu 1637 René Descartes anakhazikitsa mwambo woti zilembo zoyambirira, a, b ndi c, ziziimira manambala odziwika, pamene zomalizira, x, y ndi z, ziziimira osadziwika. Mu 1698 Leibniz analembera kalata Johann Bernoulli yonena kuti sakonda × chifukwa chimasokonezeka mosavuta ndi x, ndipo iye ankagwiritsa ntchito kadontho. Komabe kadonthoko sindikukulangizani, chifukwa ana athu akakaona pakati pa 3 ndi 2 adzawerenga ngati desimali. Chitani ziwiri izi: x wa aljebra muzimulemba wopindika, ngati c awiri otembenuzirana misana, ndipo × mumuchotseretu pa bolodi, muzilemba 2(3x). Chofunika n'choti musasinthesinthe, ngakhale tsiku limene mwafulumira.

Mphunzitsi wa fizikisi:
Ndikugwirizana nawo akuluwa, koma ndikuona kuti kalembedwe kokha sikokwanira ngati mwana sanamvetse kuti x si nambala imodzi yokhazikika. Ine ndimawafotokozera za Wilhelm Röntgen, amene mu 1895 ku Würzburg anatulukira cheza chodutsa mnofu wa munthu, ndipo posadziwa kuti chinali chiyani, anachitcha X. Dzinalo lilipobe pa chitseko cha X-ray ku chipatala, chomwe ana ambiri anachionapo. Akamva zimenezi amagwira msanga mfundo yoti x ndi dzina longoyembekezera la chinthu chimene tikuchifunafuna.

Mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito:
Chitsanzo chabwino chimenecho, bola chisadye phunziro lonse. Muyambirenso pa kabokosi kopanda kanthu kamene anakazolowera ku pulayimale, muikemo n, kenako y, ndipo x abwere pomaliza, kuti aone okha kuti chilembo chilichonse chingagwire ntchitoyi.

Mphunzitsi wa masamu, Fomu 1:
Zikomo kwambiri nonse. Lolemba ndiyamba ndi kabokosi, ndipo pochonga makope ndizizunguliza pamene palakwika m'malo moikapo X. Ndikambirananso ndi mnzanga wa Fomu 2 kuti tonse tizilemba x wopindika mofanana.