Ndithandizeni pa chida chopangira flare ya paipi ya mabuleki

Akuluakulu, makamaka inu amakaniko, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi Toyota Corolla yakale ndipo paipi ya mabuleki yopita ku tayala lakumbuyo yadyeka ndi dzimbiri mpaka mafuta ayamba kudontha. Ndikaponda buleki, phazi likumira pang'onopang'ono. Galimotoyo ndayamba ndaiimika.

Ndagula paipi ya 4.75 mm, ija amati 3/16, ya kopa wosakaniza ndi nickel poti imapindika mosavuta, ndi manati a M10 x 1. Pandivuta ndi pokuza kukamwa kwa paipi, kuja amati flare. Chida ndabwerekachi ndi chija cha zitsulo ziwiri zopanira paipi pakati. Ndikamanga, paipi ikuterereka n'kubwerera m'mbuyo. Ikagwira, kukamwa kukutuluka kopendekera. Zidutswa zinayi ndataya kale. Chachisanu chinatuluka bwino zedi, koma pocheuka ndangoona nati ili phee pabenchi, ndinaiwala kuilowetsa!

Paipi yakaleyo milomo yake ndi yopindikira m'kati, ndiye ndi double flare, osati bubble, ya kukamwa kotukusira, ya magalimoto ambiri a ku Ulaya. Single flare, yongokuza kukamwa osapinda milomo, sindikuifuna, pa mabuleki imang'ambika.

Ndiye ndigule chida chomangirira pa vayisi, kapena vuto ndi dzanja langali? Paipi izitulukira motalika bwanji ndisanaike ka adapter, kachitsulo kolowetsa kukamwa kwa paipi popinda milomo? Ndikudula ndi sowo ya zitsulo, mwina ndiyo ikupendeketsa? Nanga kunsonga kwa chida mumapakako chiyani, poti oyilo wa injini safunika kukhudzana ndi mafuta a mabuleki?