Thandizeni, m'madzi muli timphutsi tofiira pomwe ndinathira WaterGuard

Wobisa dzina: Abale ndasowa pogwira. Ndili pa lendi ku Chankhanga kuno ku Kasungu, eni nyumba akweza ndalama pomwe chitseko cha bafa chinathyoka kalekale. Dzulo ndaona timphutsi tofiira tikuvinavina pansi pa ndowa, tina toyera ngati nsabwe tikudumphadumpha. WaterGuard ndinathira ine! Apongozi abwera, angoti ndine waulesi, pomwe mwana wawoyo ndalama ya makala sasiya. Wanga ali ndi miyezi 8. Ndithire botolo lonse?

Mlimi wa ku Santhe: THIRANI JIK MAYI, KAPU YODZADZA! Zonse zifa pompo.

Mlangizi wa zaumoyo: Ayi bambo, musapweteketse mwana. Mayi, madziwa ndi a pampopi, pamjigo kapena a m'thanki? Simunanene. Klorini pa mlingo wakumwa imapha tizilombo tosaoneka monga ta kolera, koma tooneka ndi maso n'tolimba khungu, sitifa msanga. Sefani kaye pa nsalu yoyera yopinda kangapo, kenako chitsekero chimodzi cha WaterGuard mu malita 20, mudikire mphindi 30.

Mlimi wa ku Santhe: Inu a zaumoyo ndi mphindi 30 zanuzo! Ife tinakulira madzi a m'dambo, achule akulira momwemo. Tafa?

Nachisale: Amene anafa sangalembe pano, achimwene. Kolera ya 2022 mpaka 2023 mwaiwala kale? Mlamu wanga tinamunyamula usiku pa njinga, mpaka lero ngongole ya ulendo umenewo sindinamalize.

Wa kabaza: Ndiwo zaulere izo mayi, nyama yadula 😂

Mayi a mapasa: Apongozi afika, timphutsi tafikanso? Ine sindinanene kanthu.

Pulambala wa ku Mtunthama: Zaufiti zichoke apa. Tofiirato ndi ana a tizilombo touluka tonga udzudzu, timakulira m'matope a pansi pa thanki yosavundikira. Mukathira mankhwala m'ndowa mawa tibweranso. Khuthulani thanki, kwechani pansi, vundikirani. Ndipo klorini musasakanize ndi mankhwala otsukira chimbudzi, mpweya wake ndi woopsa.

Mlimi wa ku Santhe: Apulambala akusaka ganyu basi. JIK NDATI JIK!

Nachisale: Jik wina ali ndi zonunkhiritsa, ndi wochapira. Mukufuna khanda limwe zimenezo? A mwana wiritsani mayi, ngakhale makala avute.

Mlimi wa ku Santhe: Makala thumba mukudziwa mtengo wake inu?

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Apongozi awerenga izi pa foni ya mwana wawo, pano sakundiyankhula. Eni nyumba nawo akuti ndikapitiriza kudandaula ndisamuke.

Mlangizi wa zaumoyo: Pepani mayi, koma madziwo mumatunga kuti?

Mlimi wa ku Santhe: Kulikonse komwe amatunga, Jik sasankha.