Kodi mawu akuti cold-blooded amatanthauza chiyani kwenikweni?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni. M'buku la sayansi ndawerenga kuti njoka ndi cold-blooded, koma m'nyuzipepala mawu omwewa anagwiritsidwa ntchito ponena za munthu wopha mnzake. Kodi matanthauzo awiriwa akugwirizana pati?

Mphunzitsi Wopuma:
M'sayansi, mawu a Chingereziwa, omwe tikawamasulira liwu ndi liwu akutanthauza kuti wa magazi ozizira, amanena za nyama monga njoka, ng'ona, achule ndi nsomba zambiri, zomwe kutentha kwa thupi lawo kumadalira malo amene zili. Sizitanthauza kuti magazi ake ndi ozizira nthawi zonse ayi, pakuti buluzi amene wawothera dzuwa pathanthwe kuyambira m'mawa amafunda ndithu. N'chifukwa chake akatswiri amakonda liwu lochokera ku Chigiriki lakuti ectotherm, lomwe limasonyeza kuti kutenthako kumachokera kunja kwa thupi.

Wokonda Zinenero:
Aphunzitsi alongosola bwino. Tanthauzo lachiwirilo linabwera chifukwa kale Azungu ankakhulupirira kuti mkwiyo umatenthetsa magazi, ndipo n'zochititsa chidwi kuti ifenso timati munthu wapsa mtima. Choncho wopha mnzake in cold blood ndi amene wachita zimenezi atakonzekera, mtima uli m'malo, popanda kuputidwa. Kunena kuti wouma mtima kukuyandikirako, ngakhale kuti mawu amenewa akufanana kwambiri ndi cold-hearted kapena callous, omwe sanena za kukonzekera.

Woweta Ziweto:
Ndiwonjezereko pang'ono. Oweta akavalo amatchulanso mitundu ikuluikulu yofatsa, yokoka katundu, monga Shire ndi Clydesdale, kuti cold-blooded, pomwe akavalo a Chiarabu amatchedwa hot-blooded, ngakhale kuti onsewo magazi awo ndi ofunda.