N'chifukwa chiyani ngozi za gilaida zimachuluka potera?

Tadala_W: Akuluakulu, ndithandizeni. Gilaida ilibe injini, imayenda pang'onopang'ono. Nanga bwanji potera m'pamene anthu amavulala kwambiri? Chimalakwika n'chiyani kwenikweni?

MphepoYaMwera: Achimwene, mwayi wotera ndi umodzi basi. Ndege ya injini ikaphonya imakweranso n'kuyesanso, gilaida ayi. Koma chimene chimapha anthu ndi kukhota komaliza, kolunjika pamalo oterapo. Titenge gilaida ya mtundu wa ASK 21: ikanyamula anthu awiri, mapiko amasiya kunyamula pa liwiro la makilomita 74 pa ola. Mukaipendeketsa madigiri 45, malirewo amakwera kufika pafupifupi 88. Tsono woyendetsa akaona kuti watsika kwambiri amaopa kupendeketsa, ndiye amaponda pedulo yotembenuzira mphuno ya ndege mopitirira muyeso uku akukoka ndodo yowongolera. Phiko lamkati limagwa, ndege n'kulowa mu spin (kugwa uku ikuzungulira), ndipo pamamita 50 palibe danga loiwongolera. Kukhota kumeneku kuzitha musanatsike pansi pa mamita 90, kaulusi ka pagalasi, kosonyeza ngati ndege ikuyenda cham'mbali, kali chilili. Pa geji ya liwiro pali kachizindikiro kachikasu pa makilomita 90 pa ola. Liwiro lisatsike pansi pa pamenepo, ndipo wonjezerani theka la liwiro la mphepo: ikakhala ya 30, bwerani pa 105. Pafupi ndi nthaka mphepo imafooka mwadzidzidzi, liwiro lanu n'kutsika nayo.

Nachisale77: Zoona, koma mabuleki a m'mapiko, amene amatsitsa ndege msanga akatsegulidwa, nawo musawaiwale. Konzani njira yoti mutsike atatsegulidwa theka. Mukaona kuti simufika, mutseke, mukapitirira, mutsegule. Wobwera atatsekeratu ndiye kuti alibenso chomuthandiza. Pomaliza penipeni dzanja lisagwedezeke pa chogwirira, chifukwa mukatseka mabuleki mwadzidzidzi ndege imafufuma m'mwamba, inu n'kukankha ndodo, mphuno n'kumenya pansi, ndipo misana yambiri imathyoka motere. Chinanso, chogwirira cha mabuleki ndi chabuluu. Chiyang'aneni ndi maso musanakoke, poti ena amagwira cha mafulapu (tizigawo tosuntha ta kumbuyo kwa mapiko) kapena chotulutsira tayala n'kudabwa kuti ndege sikutsika. Ngati m'mapiko muli madzi owonjezera kulemera kwa ndege, atayeni nthawi ikadalipo.

Kaphiri_G: Ine ndinganene kuti ngoziyo imayambira kumwamba, pamene munthu akukanirira kufunafuna mpweya wokwera m'malo movomera kuti atera kumunda. Mukamatsika, pofika mamita 600 mukhale mutaona minda yabwino, pofika 300 mukhale mwasankha umodzi ndipo musasinthenso. Mawaya a magetsi saoneka muli m'mwamba, choncho sakani mapolo ake. Pamalo otsetsereka terani chokwera, ngakhale mphepo ikhale kumbuyo pang'ono, ndipo onjezerani liwiro. Mbewu zazitali zipeweni. Mapiko a ASK 21 ndi otalika mamita 17, nsonga imodzi ikangokodwa ndege imatembenuka mwamphamvu mpaka mchira kuthyoka.

Tadala_W: Zikomo kwambiri nonse. Ndiye mphepo ikamawomba cham'mbali?

Nachisale77: Lozetsani mphuno kumene ikuchokera, muwongole ndi pedulo tayala litatsala pang'ono kugunda pansi, ndipo phiko la mbali imeneyo likhale lotsikirapo mpaka ndege itaima.