Ndikufuna mabuku a nkhani za amayi akazitape pa nkhondo

Anzanga okonda kuwerenga, ndithandizeniko. Ndikufuna mabuku a nkhani zopeka koma zotsamira pa mbiri yeniyeni, okamba za amayi omwe anali akazitape pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, makamaka aja a bungwe la ukazitape la ku Britain lotchedwa SOE amene ankatumizidwa mobisa ku France. Ndikunena anthu ngati Noor Inayat Khan, yemwe ankatumiza mauthenga pa wailesi ali ku Paris mu 1943, mpaka a Gestapo, apolisi achinsinsi a boma la Nazi la ku Germany, anamugwira ndipo anakaphedwa kundende yozunzirako anthu ya Dachau ku Germany mu 1944. Kapena Virginia Hall, amene ankagwira ntchito yoopsayi ali ndi mwendo wamtengo.

Koma zachikondi zisachuluke chonde, olemba ena amazikokomeza mpaka ukazitapewo kuiwalika. Alipo amene anawerengapo buku lotere? Ndingalipeze kuti, ngakhale lakale?