Kodi FD30 ndi Class B zikutanthauza chiyani pa pulani ya sitolo?

Mwini sitolo, Area 25:
Akuluakulu, wojambula pulani ya sitolo yanga walemba FD30 pa chitseko cha chipinda chosungiramo katundu, ndipo wati ndigule chozimitsira moto cha Class B. Chonde ndimasulireni mawu amenewa.

Mmisiri wa zomangamanga, Kawale:
Bambo, FD30 ndi chitseko chimene chinayesedwa n'kupezeka kuti chimatchinga moto kwa mphindi 30, pamene FD60 chimapirira mphindi 60. Muyezowu umakhudza chitseko pamodzi ndi felemu yake, mahinji ndi chipangizo chochitseka chokha, choncho mukachichirikiza ndi mwala kuti chikhale chotsegula, monga ambiri amachitira nyengo yotentha, ndalama zanu zapita pachabe.

Wogwira ntchito ku fakitale, Kanengo:
Class A ndi moto wa nkhuni, mapepala ndi nsalu, Class B ndi wa zamadzimadzi monga petulo ndi palafini, ndipo Class F ndi wa mafuta ophikira. Musathire madzi pa moto wa Class B, chifukwa mafuta amayandama n'kufalitsa motowo. Samalaninso ndi Class C: pa muyezo wa ku Ulaya ndi gasi, koma ku America ndi moto wa magetsi.

Mayi wa ku Area 47:
Musanagule, kafunseni ozimitsa moto a ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe.