Ndapeza fulati ku Turffontein koma za bond ndi msonkho zandizunguza mutu

Wa ku Dedza:
Abale anga a ku Joni kuno, ndigawireniko nzeru. Zaka 9 tsopano ndikuchita lendi ku Rosettenville, panopa ndi R5,800 pamwezi, ine, mayi a kunyumba ndi ana awiri. Denga la kubafa linayamba kudontha mwezi watha, tinatchera beseni, ndipo eni nyumba mpaka lero akungoti abwera. Usiku ndikamamva madzi aja akugwera m'beseni tulo sitibwera, ndimangowerengera ndalama zimene ndakhala ndikupatsa munthu wina zaka zonsezi.

Ndiye ndapeza fulati ya zipinda ziwiri ku Turffontein, R680,000. Wogulitsa akuti pa mtengo umenewu palibe msonkho. Mnzanga wina kuntchito, wa konkuno, boma linamuthandiza ndalama pogula yake. Koma nditapita kubanki, atangoona kuti ndili ndi pasipoti ndi pemiti ya ntchito, anati ndibweretse theka la mtengo. Ine ndasunga R140,000 basi, ndipo ndi ya thukuta. Kodi thandizo la bomalo ife likutikhudza? Nanga ndinamva kuti chiwongoladzanja cha bond, ngongole ya kubanki yogulira nyumba, amakuchotsera pa msonkho, ndi zoona?

Nachisale wa ku Windsor East:
Achimwene, za beseni zandikhudza, nanenso ndinadutsamo. Ndinagula mu 2020 nditapeza PR, chilolezo chokhazikika m'dziko muno, ndiye ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso anga.

Wogulitsayo sananame, koma sanamalize nkhani. Msonkho akunenawo ndi transfer duty, umapita ku SARS, bungwe la boma lotolera misonkho. Kuyambira pa 1 April 2025 nyumba yosapitirira R1,210,000 siilipira msonkhowu, kale malire anali R1,100,000. Apa palibe kusankha kuti ndiwe mzika kapena mlendo. Koma maloya ndi awiri, wina wosintha dzina la nyumba ku Deeds Office, wina wolembetsa bond, ndipo onsewo mumalipira ndinu ogula, kuwonjezanso ya banki yotsegulira ngongole. Ine zonsezi zinandidyera ndalama yopitirira R40,000. Tsiku limene pepala la loya linafika ndinakhala pansi kukhitchini, nsima inapserera pa moto. Choncho pa R140,000 yanuyo muyambe mwachotsa imeneyi, yotsalayo ndiye dipoziti yeniyeni.

Chimene chinandiliza kwambiri ndi chiwongoladzanja. Ndinatenga R500,000 ya zaka 20 pamene prime, chiwongoladzanja chimene mabanki amayambirapo powerengera ngongole, inali 7%, ndinkalipira pafupifupi R3,900. Pofika May 2023 Reserve Bank inali itakweza kambirimbiri, prime inafika 11.75%, ine ndikulipira pafupifupi R5,400. Nyumba yomweyo, malipiro anga omwewo. Ndinasiya kutumiza ya feteleza kumudzi chaka chimenecho, mayi anga sanadandaule koma ine zinandipweteka. Anayamba kutsitsa mu September 2024, tapumako, komabe musawerengere pa mtengo wa lero. Muwonjezepo R1,500 m'mutu mwanu, muone ngati ana adyabe.

Ndiponso fulati ili ndi levy, ndalama yosamalirira nyumba yonse ya mafulati, mwezi ndi mwezi, kupatula ma rates a khonsolo. Musanasayine pemphani mapepala a chuma a body corporate, bungwe la eni mafulati a m'nyumbayo. Nyumba zina anthu anasiya kalekale kulipira levy, ndipo banki ikaona choncho imakana, ngakhale inuyo mbiri yanu ya ngongole ili yoyera.

Mlembi wa ku Braamfontein:
Bambo, ndimagwira ntchito yowerengera anthu misonkho, ndiye ndiyankhe mwachidule. Thandizo la mnzanuyo ndi First Home Finance, kale inkatchedwa FLISP. Ndi la ogula nyumba koyamba amene pabanja amapeza pakati pa R3,501 ndi R22,000 pamwezi, koma ayenera kukhala mzika ya South Africa kapena wokhala ndi PR. Pemiti ya ntchito siikwanira. Wina akakuuzani kuti akulowetsani mukamupatsa kangachepe, thawani.

Za chiwongoladzanja munamvazo ndi za ku America. Kuno nyumba yokhalamo wekha SARS sakuchotsera kalikonse. Amalola pokhapokha ukuchititsa lendi, ndipo ndalama ya lendiyo umayenera kuiulula.

Theka lija ndi lamulo lokhazikika kwa munthu wokhala kunja kwa dziko. Kwa inu amene mukugwira ntchito konkuno, banki iliyonse ili ndi muyezo wake, imayang'ana zaka zotsala pa pemiti, payslip ndi mmene mumabwezera ngongole. Musaime pa banki imodzi. Pitani kwa bond originator, monga ooba kapena BetterBond, amakufunsirani kumabanki angapo ndipo inu simulipira.

Malume a ku Cosmo City:
Mwana wanga, zonsezi anzathuwa akunena bwino. Ine mantha anga ndi amodzi. Banki ikakukana, pamabwera anthu ndi nyumba za RDP zotchipa, zija boma limapereka kwa osauka, akuti tingolemberana kalata ya kupolisi. Usayerekeze. Nyumba imeneyo siiloledwa kugulitsidwa zaka 8 zisanathe, ndipo dzina lako likapanda kulowa ku Deeds Office nyumbayo si yako. Mnzanga wa ku Mangochi anamanga mpaka zipinda zitatu kuseli, mwini wake atamwalira ana anabwera ndi title deed, pepala la umwini wa nyumbayo. Anatuluka ndi mabedi okha.

Komanso funsa mtima wako. Pemiti ikakanika kuwonjezedwa, bond ilipira ndani? Ine ndinayamba ndamanga kwathu.

Wa ku Dedza:
Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Malume, kumudzi ndinamanga kale ya malata pa Linthipe, koma ana angawa anabadwira ku South Rand Hospital, sukulu yawo ili kuno, sindingawasunge m'nyumba za eni mpaka akule. Achemwali, za maloya awiri sindinkadziwa n'komwe, ndikanasayina Loweruka lino. Ndamuimbira wogulitsa uja kuti adikire, ndipo ndapempha mapepala a body corporate, wayankha mozengereza. Pemiti yanga yatsala ndi zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Inu a ku Braamfontein, ndikapita kwa originator Lolemba, ndinyamule ma statement a miyezi ingati?